Mankhwala Amodzi, Ana Awiri

Mng'ono wanga anachira khansa ya m'magazi asanayambe n'komwe sukulu, ndipo m'komboni yathu yonse ya Nangongwe, ku Kafue, munalibe amene sanamve. Ine ndine wachisamba, iye ndiye mzime. Pakati pathu pali anyamata awiri, koma amenewo asiyeni, nkhani ino si yawo. Makolo athu anachokera ku Chadiza atate atapeza ntchito ku fakitale ya nsalu ku Kafue, ndipo pamene mwanayo ankadwala fakitale inali ikadapuma, ikulizabe belu m'mawa uliwonse.

Amayi anakhala naye ku chipatala chachikulu ku Lusaka miyezi yosawerengeka, akugona pansi pa bedi lake. Ine ndinkapita Loweruka ndi ufa, sopo ndi zovala zochapa. Pa bedi loyandikana panali kamtsikana kena, mwana wa msodzi wa ku Chanyanya, msinkhu wofanana, matenda omwewo. Amayi ake ndi amayi anga ankaphikira nshima m'poto mmodzi, iwo nsomba zouma, ife ufa. Anawo ankalandira dilipi tsiku limodzi, jekeseni wa pamsana tsiku limodzi, tsitsi linasosoka mwezi umodzi. Ana ambiri a mu wodi imene ija anabwerera kwawo atakulungidwa m'chitenje, koma awiriwa anatuluka akuyenda ndi miyendo yawo.

Pa nthawi ya matendayo amayi analowa mpingo wa chipentekoste umene unkasonkhana m'shedi ya malata pafupi ndi njanji. Sindikuwanena. Munthu amene mwana wake akufa amagwira chilichonse, ndipo anthu aja ankatipempherera ndi mtima wonse, ankabweretsa ndi ndiwo zomwe. Koma mpingowo unali ndi mwambo wake. Wochira aliyense ankaimirira kutsogolo kuchitira umboni, ndipo umboni ukatuluka pakamwa sunkabwezedwa. Abusa ankanena kuti chimene wavomereza ndi pakamwa usachikane ndi miyendo. Tanthauzo lake linali lakuti ukanena kuti wachira, kubwereranso ku chipatala ndiko kumuuza Mulungu kuti ntchito yake ukuikayikira.

Anamuimika pa benchi mng'ono wanga, tsitsi litangoyamba kumera, atavala diresi yoyera ya mwana wa eni. Abusa anafuula kuti, "Kodi Mulungu amachiritsa theka?" Shedi yonse inayankha kuti iyayi, malata mpaka kunjenjemera. Amayi analira, ine ndinalira, nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka mwana wa umboni, ndipo Lamulungu lomaliza la chaka chilichonse ankamukwezanso pa benchi. Madokotala anali atanena kuti azibwera naye kudzamuona, koma amayi sanapitenso.

Atayamba sukulu m'pamene tinaona kuti chinachake sichili bwino. Mwanayu sanali wopusa, ndipo amene anganene zimenezo abwere anene pamaso panga. Nyimbo ankaimva kamodzi n'kuigwira. Ukakhala naye pamphasa, chala chako chili pa liwu, ankawerenga bwinobwino. Koma uchotse chalacho, basi wapita. Aphunzitsi akalemba pa bolodi, iye ankayamba mzere woyamba mokongola, sitima ikalira ku siteshoni n'kutembenuka, pobwerera maso osadziwa pamene anasiyira. Anzake akutseka mabuku, iye ali pa mzere wachiwiri. Ukamutuma mchere ndi machesi, ankabwera ndi machesi okha, mwinanso osabwera n'komwe, ukamupeza ataima pa okonza njinga, akuonerera tcheni. Mpopi ankausiya ukutayika. Nyemba zinapserera kangapo iye ali pomwepo, mphuno ikumva fungo koma mutu uli kwina.

Chodabwitsa n'chakuti sukulu ankaikonda kuposa tonsefe. Yunifolomu ankachapa yekha, n'kuiyala pansi pa mphasa kuti iwongoke. Nsapato zake za pulasitiki ankazipukuta ndi mafuta ophikira mpaka amayi kumukalipira. Ankati adzakhala nesi, wa ana, wobaya jekeseni mosapweteka chifukwa iye akudziwa pamene pamawawa. M'mawa ndiye ankatidzutsa, kuopa kuchedwa ku malo amene ankakamenyedwako.

Ee, ankamenyedwa. Aphunzitsi ake anali ndi kachidutswa ka paipi ya madzi, ndipo kanali kodziwana bwino ndi zikhatho za mng'ono wanga. Poyamba amayi ankapita kukadandaula kuti mwanayu anadwala kwambiri, amumvere chisoni. Mwina akanamumvera, koma chakudza sichiimba ng'oma. Mwana uja wa ku Chanyanya anabwera kudzakhala ndi achibale ake mu Nangongwe kuti aphunzire, ndipo anamuika m'kalasi lomwelo. Mayo ine, mwana ameneyo anali mpeni. Masamu, Chingerezi, chilichonse, nambala wani. Analinso mwana wabwino, ankamusungira mnzake malo ndi kumubwereka buku kuti akopere. Koma kukhalapo kwake kokha kunatithera mawu.

"Ba mayi, musanamizire matenda," anatero aphunzitsi tsiku lina ine ndili pomwepo. "Uyu wa ku Chanyanya si anali wodi imodzi na mwana wanu? Mankhwala si anali amodzi? Manje uyu akhoza bwanji? Wanu ni ulesi chabe."

Mawu amenewo anafika kunyumba ndipo anakhazikika. Mankhwala anali amodzi. Amayi ankawanena, anyamata ankawanena pomuseka, azimayi pa mpopi ankawanena. Kumpingo anati ndi mzimu wa ulesi umene ukufuna kuchititsa manyazi umboni, ndipo anamusanjika manja, kumukankha pachipumi mpaka kugwa chagada. Anadzuka akufunsa ngati angapite kukasewera.

Zaka zimenezo n'zomwe boma linatsegula zipata kuti aliyense agulitse chimene akufuna. Mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kunja, anadzaza misika, ndipo nsalu ya ku Kafue inasowa woigula. Atate anabwera tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, atanyamula ovolosi yawo m'pepala. Amuna a mu mzere wonse wa nyumba zathu anakhala pansi chaka chimodzimodzicho. Ukadutsa m'mawa unkawaona pansi pa mitengo ya mango, aliyense ndi kawailesi kake, akudikira malipiro awo otsanzikira amene ankangomveka kuti akubwera. Ine ndinasiya maloto a kosi ya utelala n'kuyamba kugulitsa salaula yemweyo pamsika. Atate sankafuna n'kuona komwe belo likulowa m'nyumba mwawo, koma nshima yake ankadya.

Atate sanali munthu wankhanza, ndinene zoona. Asanachotsedwe ntchito sanakwezepo dzanja pa mwana wamkazi. Koma munthu amene wataya zonse amafuna chinthu chimodzi choti akonze, ndipo chimene chinali pafupi chinali mng'ono wanga. Lamba wawo wa kuntchito, wachikopa chokhuthala, ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Zotsatira za mayeso zikabwera ankamuitana, iye n'kugwada monga tinaphunzitsidwira, iwo n'kunena kuti kuwongola mtengo m'poyamba. Akamaliza ankamuuza kuti, "Iwe uli ndi nzeru, ndikudziwa. Ulesiwu tiuchotsa. Udzaphunzira mpaka kumapeto, ngakhale ndigulitse wailesi." Ndipo ankanenadi kuchokera pansi pa mtima. Sukulu inali itayamba kufuna zambiri, koma temu iliyonse ankayenda kwa achibale mpaka zofunika za mwanayo zitakwana. Anabwereza kalasi, anabwerezanso, mnzake wa ku Chanyanya n'kumusiya kutali, koma pa sukulu sanachoke.

Ine zinkandiwawa. Pakamwa panga sipachedwa, anthu a pamsika akudziwa, ndipo ndinakangana ndi atate mpaka anandiuza kuti ndikafuna kulamula ndikakwatiwe. Ndinkaona mwanayo akulimbana. Ankaluma pensulo, ankadzitsina pa ntchafu kuti asatembenuke, thukuta lili kamukamu pa sentensi imodzi. Waulesi sachita thukuta chotero. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinaona mizere ya lamba pamwamba pa timabala ta jekeseni tija ta pamsana, ndipo ndinati basi, zakwana.

Ndinanamiza amayi kuti ndikupita naye ku Lusaka akandithandize kuyang'anira katundu pogula belo. Tinatsika minibasi n'kulunjika ku chipatala. Tinadikira pa benchi mpaka njala kutiluma, kenako tinalowa kwa dokotala wina wachizimayi, wa imvi, amene anamukumbukira mwanayo atangoona nkhope. Anatikalipira chifukwa chosowa zaka zonsezo, ndipo ndinangoweramitsa mutu. Anamutenga magazi, namuyeza, n'kunena kuti khansa sinabwerere. Apo ndinamasula zonse: za bolodi, za mchere, za paipi, za lamba, ndi za mwana wa ku Chanyanya.

Dokotalayo anavula magalasi. Anati zimenezi amaziona mwa ana ena amene anachira. Mankhwala amene anapha khansa, makamaka aja a pamsana, amafika ndi ku ubongo komwe, ndipo mwa ana ena amasiya vuto loti maganizo sakhazikika pa chinthu chimodzi. Ndinafunsa funso limene linatizunza zaka zonse, loti nanga mnzakeyo bwanji, poti mankhwala anali amodzi.

"Mankhwala amodzi, koma matupi awiri," anatero dokotala. "Simunaone amuna awiri akumwa chikho chimodzi, wina n'kupita kwawo bwinobwino, wina n'kugona m'ngalande? Pali matupi amene amachotsa mankhwala msanga, pali ena amene amachedwa nawo. Sitinazimvetse zonse, koma tikuganiza kuti mbali ina ndi mmene munthu anabadwira, zimene anatengera kwa makolo ake. Si kulakwa kwa mwana, si kulakwa kwa aliyense."

Ndinafunsa ngati zidzatha. Anati mwina sizidzatheratu, koma mwanayo angathe kuphunzira ndithu. Amukhazike kutsogolo, kutali ndi zenera. Azimupatsa chinthu chimodzi, akamaliza china. Azimupatsa nthawi. Ndipo kumenya kulekeke lero lomwe, chifukwa mantha amangowonjezera.

Pobwerera tinakhala kumbuyo kwa minibasi, belo lili pa miyendo yathu. Mng'ono wanga ankangoyang'ana pawindo mpaka tinafika pa Shimabala, pamene azimayi amathamangira mawindo ndi tomato. Ndinkaganiza kuti sanamve kalikonse, monga mwa masiku onse. Koma anandikoka dzanja n'kufunsa kuti, "Asisi, ndiye kuti sindichita dala?" Ndinati iyayi, mwana wa amayi, suchita dala. Anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. Ine ndinalira moti kondakitala anafunsa kuti, "Shani ba sisi, kuli malilo?" Ndinamuuza kuti ayang'ane za ntchito yake. Mtima wanga unali mbee, ndinkaona ngati ndanyamula mankhwala a nyumba yonse.

Tsoka lake, tinapeza kunyumba kuli azakhali, mlongo wawo wa atate, amene ankalima ndiwo zamasamba ku Shimabala komweko. Ine ndi changu changa sindinadikire kuti apite. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse pamaso pa onse atatu, mwadongosolo, monga anandiuzira dokotala. Za kukhala kutsogolo ndinanena. Za chinthu chimodzi pa nthawi ndinanena. Koma azakhali anatola mawu amodzi okha.

"Wati anatengera kwa makolo?" anafunsa azakhali. "Makolo ake ati?"

Kwathu kum'mawa chinthu chikangotchedwa cha kumtundu, anthu sagona mpaka atapeza khomo limene chinalowera. Zimakhala choncho ndi khunyu, ndi misala, ndi kusabereka. Amayala mphasa n'kuyamba kufukula akufa mmodzimmodzi, mbali ya mwamuna ndi mbali ya mkazi, chifukwa mtundu umene upezeke nacho ndiwo udzanyozedwe pa maukwati a ana. Azakhali anayamba pomwepo. Anakumbutsa amayi za amalume awo ena amene ankaiwala khasu kumunda, amene anapita kukagula fodya n'kubwera patatha sabata. "Make mbuu, mwana mbuu," anatero, akuwomba m'manja. "Kwathu kulibe zimenezi. Ife ndife anthu a mitu yakuthwa."

Amayi nawo sanagone pansi. Anatchula msuweni wa atate amene ankayankhula ndi mbuzi. Anatchula agogo ena amene anawotcha nkhokwe ndi kaliwo. Akufa a ku Chadiza anadzutsidwa onse madzulo amenewo, mpaka nkhuku kulowa. Kenako amayi anatembenukira kwa ine, maso ali psuu, n'kunena kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa Mulungu, ndatenga mwana wa umboni kukamufunira matenda atsopano kwa anthu. Ndinakuwa kuti mwanayo akufunika mpando wa kutsogolo basi, mpando! Palibe amene anandimva.

Atate ankangoyang'ana pansi nthawi yonseyi. Phokoso litachepa anandifunsa mofatsa kuti, "Dokotala wati n'chobadwa nacho?" Ndinati mbali ina, inde, koma angathe kuphunzira. Anafunsanso kuti, "Wati chidzatha?" Ndinati mwina osatheratu. Anapuma mozama n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndakhala ndikumenya mwana wanga pachabe." Misozi inatsika pa masaya awo, ine kuyamba kuwaona akulira. Anamuitana mwanayo, namuika pa miyendo ngati khanda, n'kulumbira kuti dzanja lawo silidzamukhudzanso. Ndinati mumtima, Mulungu alemekezeke, tapambana.

Ha, kupambana kwake kumeneko! Atate anasunga lumbiro lawo, lamba sanachokenso pa msomali. Koma temu itatha anandiitana pansi pa mango n'kundiuza kuti mwanayo sabwereranso ku sukulu. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ulesi umachoka ndi chikoti," anatero atate. "N'chifukwa chake ndinkalimbikira. Ndinkati tsiku lina udzachoka. Koma chobadwa nacho sichichoka, mwana wanga. Ndizimuzunziranji? Ndiziyendanso kwa anthu kupemphapempha kuti ndizitunga madzi ndi lichero? Anyamatawa akufunikanso. Akhale pakhomo, aphunzire ntchito za manja kwa amake."

Ndinalimbana nawo, Mulungu ndi mboni. Ndinati ndilipira ndekha ndi salaula wanga, iwo anati nkhani si imeneyo, ndipo mwana ndi wawo. Ndinapita kwa aphunzitsi aakulu, anandimvetsera bwino, koma anati kalasi lili ndi ana odzaza mpaka pakhomo, ndipo mwana amene kholo lamuchotsa iwo sangakamukoke kunyumba. Ndinapita kwa abusa kuti akalankhule ndi atate. Anandiuza mwachifundo kuti iwo sangapemphe mpando wapadera wa mwana amene mpingo wonse ukudziwa kuti anachira kotheratu. Ndinabwerera ku Lusaka kuti dokotala uja abwere kapena atume mawu, ndinapeza anachoka, monga ankachokera madokotala ambiri masiku amenewo, kupita kumayiko a kum'mwera. Azakhali okha ndiwo anali okondwa, poti mlandu unagwera ku mtundu wa amayi.

Mpaka lero ndikaganiza ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa woti ndimupsere. Dokotala ananena zoona. Atate anachita mwachikondi, mwa nzeru zimene anakula nazo. Pamene tonse tinkamunamizira mwanayo kuti ndi waulesi, anali ndi desiki. Choonadi chitafika, desiki inapita. Mnzake wa ku Chanyanya anapitirira mpaka anavala zoyera za unesi, ndipo akabwera ku Kafue amamufunafuna ndi kumukumbatira. Mng'ono wanga amakazinga vitumbuwa m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, ndipo theka lake amapsereza. Amayi anapitiriza kumukweza pa benchi chaka ndi chaka mpaka anakula moti benchi silikanamunyamula.

Masiku aja mwanayo sanauzidwe bwinobwino kuti sukulu yatha, aliyense ankaopa. Anazimva yekha kwa anyamata. Sanalire, sanafunse kanthu, ndipo tinkati mwina waiwala monga amaiwalira mchere.

M'mawa wa tsiku lotsegulira temu ndinali pakhonde ndikusankha malaya a pamsika. Ana a mu mzere wathu ankadutsa m'magulu, akuitanizana. Atate anali pa mpando wawo pansi pa mango. Ndinaona chitseko chikutseguka, mng'ono wanga n'kutuluka atavala yunifolomu yake yowongoka bwino, nsapato zikunyezimira mafuta, mabuku ali m'pepala la pulasitiki. M'dzanja lina ananyamula lamba uja wa pa msomali.

Anayenda molunjika, osatembenukira ana odutsa, osatembenukira sitima imene inkalira ku siteshoni. Sindinamuonepo atalunjika chinthu chimodzi chotero moyo wake wonse. Anafika pa mapazi a atate, nagwada, n'kupereka lambayo ndi manja awiri.

"Atate, adokotala ananama," anatero. "Ndimachita dala. Ndimenyeni, ndipite."

Atate anayang'ana lambayo nthawi yaitali. Anaulandira, naupinda bwinobwino, n'kuuika pansi pa mpando. Kenako anamusisita mwanayo pamutu, pa tsitsi lija linameranso.

"Iyayi, mama, iwe sulakwa," anatero atate. "Pita ukavule, ungadetse. Amako akufuna wowathandiza kukanda ufa."

Anakhalabe chogwada, manja ali m'mwamba opanda kanthu, mpaka belu la kusukulu linalira n'kusiya.